Nyumba Yotchipa ya a Gwedeza

Poti magetsi atithawanso, senderani kuno kumbaula. Nkhani ya lendi mwaiyambayi yandikumbutsa Elube Chalamanda. Ameneyo sindinachite kumumvera kwa anthu ayi. Makina ake osokera anali pafupi ndi anga kwa zaka zitatu, ndipo zina mwa zimene ndinenezi ndinaziona ndi maso angawa.

Elube anali wa ku Linthipe, ku Dedza. Anapeza ntchito pakampani ina ya ku Limbe yosoka mayunifomu a sukulu, komwe ine ndinali kale. Anali ndi mwana mmodzi, mtsikana wa zaka zisanu dzina lake Sungeni. Bambo wa mwanayo analowera ku Joni osamvekanso. Pobwera kuno, mwanayo anamusiya kwa mkulu wake, n'kumulonjeza kuti akangopeza nyumba yabwino adzamutenga.

Anafikira kwa msuweni wake ku Ndirande. Sabata yoyamba zinali bwino. Yachiwiri, mwamuna wa msuweniyo anayamba kufunsa mkazi wake mokweza, chitseko cha kuchipinda chili chotsegula, kuti kodi nyumba yake inasanduka liti malo ogona alendo. Elube ankagona pabalaza, ndiye ankadikira kuti onse alowe m'zipinda asanayale mphasa, n'kudzuka iwo asanadzuke. Kuchokera ku Ndirande kukafika ku Limbe ndi minibasi ziwiri. Anachedwa kawiri, ndipo kapitawo wathu, munthu wosaseka ndi aliyense, anamuuza pamaso pa tonsefe kuti akadzachedwa kachitatu asadzavutike n'kulowa pageti.

Choncho Loweruka lililonse tikaweruka masana, iye ankayamba kusaka nyumba. Ina inali yabwino ndithu, koma mtengo wake unkameza malipiro onse. Ina chimbudzi chinali chimodzi mabanja asanu ndi anayi, chitseko chake chiguduli. Ina inali kuseri kwa malo omwera kachasu, ndipo Elube ali chiimire kuiyang'ana, bambo wina anabwera n'kukodza pakhoma pake osachita naye manyazi. Eni nyumba ena akangomva kuti alibe mwamuna ankamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ife akazi osakwatiwa ayi. Mumatidzadzira amuna pakhomo."

Loweruka lachinayi, atatopa, mapazi atatuwa mbuu, anakumana ndi dobadoba wina wa nyumba pasiteji ya ku Bangwe. Anthu ankamutchula kuti Fulaye. Atamva zimene Elube ankafuna, Fulaye anamuyang'ana kanthawi.

"Muli nokha, asisi?"

"Panopa ndili ndekha. Mwana abwera."

Fulaye anakanda m'mutu. "Ilipo ina. Tiyeni mukaione nokha."

Anayenda mtunda pang'ono, kudutsa chigayo, mpaka pampanda wina wa njerwa wa geti lachitsulo. Atafika pamenepo Fulaye anaima.

"Ine ndithera pano. Nsapato zangazi zili ndi matope."

Unali mwezi wa Okutobala. Mvula inali isanagwe ngakhale dontho.

M'kati mwa mpandawo, kudzanja lamanja, munali mdadada wa zipinda zisanu za lendi ndi mpopi pakati. Kumapeto, pansi pa mtengo wa mapeyala, kunali nyumba yoima payokha. Zipinda ziwiri, balaza, bafa lam'kati, pansi pa simenti yofiira, mawindo onse a zitsulo, mita ya magetsi yakeyake. Chitseko chinali cha thabwa lochindikala, chokhala ndi mpiringidzo wachitsulo m'kati. Mtengo wake unali wofanana ndi wa kachipinda kamodzi kaja ka kuseri kwa kachasu.

Mwini wake anali a Gwedeza, bambo wamtali wovala jekete pa kutentha konseko, makiyi ali pachingwe m'chiuno. Anatsegula chitseko, n'kuchikankha ndi chala chimodzi, iwo n'kubwerera m'mbuyo.

"Lowani muone."

"Simulowa, bambo?"

"Ndikuidziwa kale."

Elube anazungulira zipinda zonse. M'nyumbamo munali mozizira bwino, mopanda fumbi, mopanda kangaude ngakhale mmodzi, ngati wina wangokolopamo kumene. Atatuluka anafunsa mwaulemu chifukwa chimene nyumba yotere inali yotchipa chonchi.

Nkhope ya a Gwedeza inasintha. "Mwabwera kudzafuna nyumba kapena kudzandizenga mlandu? Ngati simukuifuna nenani, pali anthu ena akuidikira."

Anaifuna. Inunso mukanaifuna. Kuchokera pamenepo kukafika kuntchito ankatha kuyenda wapansi. Anapereka ya miyezi itatu, zonse zimene anali nazo, n'kulandira kiyi.

Potuluka anadutsa pampopi pomwe amayi atatu ankachapa. Anawapatsa moni atapinda mawondo. Palibe anayankha. Wamkulu mwa iwo, mayi wonenepa wogulitsa makala amene pambuyo pake anamudziwa kuti ndi Anajere, anangonena osadzutsa mutu:

"Winanso."

Kenako ananyamula beseni n'kukhuthula madzi a sopo panjira pomwe Elube ankati aponde.

Anasamuka Lamulungu. Katundu wake anakwana pa njinga za kabaza ziwiri: matiresi, sutikesi, mbaula, mapoto awiri, ndowa ndi timbale. Anagula loko watsopano. Madzulo ake anaimbira foni mkulu wake, n'kulankhula ndi Sungeni.

"Nyumba ndaipeza, mwanawe. Uli ndi chipinda chakochako."

Lolemba m'mawa anafika kuntchito woyamba, akumwetulira. Ndinali ndisanaonepo mano ake.

Zinayamba pang'onopang'ono. Lolemba lomwelo atabwerera madzulo, anapeza loko ali chitsekere monga anamusiyira, koma nsapato zake za kutchalitchi, zimene anazisiya kuchipinda, zinali pabalaza pafupi ndi chitseko, zitaikidwa bwinobwino, zitaloza kunja. Anati mwina anaziika yekha pothamangira kuntchito.

Lachiwiri anamva fungo la polishi wa pansi. Iye analibe polishi. Analibenso tsache, koma pasimenti pankaoneka mizere ya tsache, yonse yolowera kukhomo.

Lachitatu anakhoma misomali inayi kuchipinda n'kupachikapo zovala. Lachinayi madzulo anapeza misomaliyo itazulidwa, itawongoledwa, itandandalikidwa pawindo. Zovala zinali zitapindidwa n'kuikidwa m'sutikesi, sutikesiyo itatsekedwa.

Apa ndiye anapsa mtima. Anapita kunyumba kwa a Gwedeza, yomwe inali kutsidya kwa msewu.

"Bambo, ngati muli ndi njira ina yolowera m'nyumba muja, ndiuzeni. Sindingakhale pamalo poti anthu azindigwirira zovala."

A Gwedeza anali akumwa tiyi pakhonde. Anaika kapu pansi mwamphamvu.

"Ine? Ine kulowa mmene muja? Mayi inu, mundisamale. Loko ndi wanu, kiyi ndi wanu. Ngati mutu wanu suyenda bwino musandinamizire ine."

"Ndiye akulowamo ndani?"

"Kafunseni anzanu a mumdadada aja. Ndipo mudziwe, mukachoka nokha ndalama sizibwerera."

Anagula loko wina, wamkulu. Sizinathandize kanthu. Supuni zake ziwiri zinasowa, n'kukapezeka panja pansi pa windo. Tsiku lina anapeza ndowa itakhuthulidwa, mapoto ndi mbale zitaikidwa m'kati mwake ngati mmene munthu amalongedzera posamuka.

Anthu a mumdadada nawo anali pa iye. Akachapa n'kuyanika, ankapeza chingwe chitadulidwa, zovala zili m'dothi. M'mawa wina anapeza phulusa litathiridwa pakhomo pake. Ana akayandikira nyumba yake ankakokedwa mkono n'kumenyedwa. Chimene chinkamudabwitsa n'chakuti anthuwo ankaoneka otopa kuposa iye. Maso ofiira, nkhope zotupa, amuna akupita kuntchito akuyasamula. Akamuona akutuluka ankamuyang'ana ngati ndiye wawalanda tulo.

Tsiku lina analimba mtima n'kumuimirira Anajere pa mulu wake wa makala.

"Mayi, ndinakulakwirani chiyani?"

"Mwagona bwino?" anatero Anajere.

"Ndagona."

"Inu ndiye mwagona." Analavulira pambali. "Chokani, mukunditchingira makasitomala."

Sabata yachiwiri ili pakati, Elube anadzuka m'mamawa monga mwa masiku onse, n'kulowa m'bafa. Ali ndi sopo kumaso anamva chinthu chikukwekwerezedwa pabalaza. Khwee. N'kuima. Khwee. Anaitana kuti, "Ndani?" Phokosolo linasiya. Kenako, kuseri kwenikweni kwa chitseko cha bafalo, wina anatsonya. Kutsonya kwautali, kwa munthu wamkazi amene wanyansidwa nawe.

Anakhala m'bafamo mpaka kunja kutayera. Atatuluka anapeza matiresi ake, amene anali atangodzukapo, atapindidwa n'kumangidwa, ataimikidwa pafupi ndi chitseko chakunja. Chomangira chake chinali kansalu kakuda kong'ambidwa ku chitenje. Elube analibe chitenje chakuda.

Tsiku limenelo singano ya makina inamuboola chala. Pomumanga bala ndi pamene anandiuza zonsezi. Ine ndinamuuza kuti achokemo.

"Ndipite kuti?" anatero. "Ku Ndirande alamu ananena kuti ndisadzapondekonso. Ndalama zonse zili mmene muja. Ndikachedwanso kamodzi ntchito yatha. Ndipo mwana ndinamuuza kale." Anapukuta maso ndi mkono. "Sichinandikhudze. Chikungosuntha zinthu. Chitopa chokha."

Ndinati ndimuperekeze madzulo amenewo ndikadzionere. Kunena zoona ndinkaganiza kuti ndi anthu a mumdadada aja akumuchita chipongwe.

Tinafika dzuwa lili pafupi kulowa. Nyumba inali yokongola, sindikunama. Koma nditangolowa ndinamva ngati ndalowa kuchipinda kwa eni ake osaodira. Mukudziwa mmene zimakhalira ukafika pakhomo pomwe anthu amakangana, iwo n'kukhala chete chifukwa cha iwe? Zinali choncho. Elube anawiritsa tiyi n'kuthira m'makapu awiri. Tinatembenuka tonse kuyang'ana nkhuku imene inalowa pakhomo. Pobweza maso, kapu yanga inali itavundikiridwa pambale, tiyi akuyenderera pansi kulowera kukhomo.

Ndinangotola chikwama changa. Ndiye ndikuwerama kuti ndivale nsapato, ndinakumva ndekha kutsonya kuja, pafupi ndi khutu langa lamanzere, moti ndinamva ndi kamphepo komwe.

Ndinatuluka nsapato imodzi ili m'manja.

Kunja kwa geti, m'mbali mwa mpanda, panali mayi wina atakhala pa mtolo wa katundu womangidwa m'nsalu. Anavala zakuda, mpango wakuda, atayang'ana kukhoma. Pobwera paja panalibe munthu. Ndinati, "Mwaswera bwanji, mayi?" Sanatembenuke. Ndinaona manja ake okha ali pamaondo, onyowa ngati wachokera pamvula, madzi akudontha kunsonga za zala. Kunja kunali fumbi lokhalokha.

M'mawa mwake ndinamufunsa Elube za mayiyo. Anasiya kusoka.

"Nawenso wawaona? Sabata yatha ankakhala kuchigayo. Kenako pa mphambano. Dzana anali pageti. Lero m'mawa anali pansi pa mtengo wa mapeyala."

Ndinamuchonderera kuti abwere kwathu, ngakhale kuti ine ndinali m'kachipinda kamodzi ndi ana anga awiri. Anavomera kuti abwera Lamulungu, akachapa ndi kulongedza. Zikanatha choncho.

Koma Loweruka masana, atangofika kuchokera kuntchito, anamva odi pageti. Anali mkulu wake, Sungeni ali kumbuyo kwake ndi kajumbo ka zovala. Mwamuna wa mkulu wakeyo anali atagonekedwa m'chipatala, ndipo panalibe wina womudikirira.

"Poti nyumba unapeza, mwanayu ndi uyu. Ine ndikuthamangira basi, ingandisiye."

"Achemwali, dikirani kaye, nyumba ino..."

"Ili bwino kwabasi! Mulungu wakuona, mng'ono wanga." Anamwa madzi pampopi ataimirira, n'kumapita.

Sungeni anakumbatira mayi ake, kenako anathamangira m'nyumba kukaona chipinda chake. Atafika pakati pa balaza anaima. Anayang'ana kukhomo la chipinda chachiwiri, chimene munalibe kanthu. Ndiye anagwada pansi, mmene anamuphunzitsira kwawo, n'kuwomba m'manja pang'ono.

"Ndili bwino, kaya inu?"

Elube anamuyandikira. "Sungeni, ukulankhula ndi ndani?"

"Ndi azakhaliwa."

"Tuluka. Tiye panja."

Anamugwira dzanja n'kutuluka naye. Anaganiza zongotenga sutikesi ndi matiresi, apite kwa ine tsiku lomwelo. Koma mwanayo anali atayenda ulendo wautali, milomo itauma, ndipo ndowa inali yopanda madzi. Anamukhazika pakhonde.

"Khala pompa. Usasunthe."

Kuchokera pakhondepo kukafika pampopi ndi mapazi khumi ndi awiri basi. Anatsegula mpopi, madzi n'kuyamba kulira m'ndowa. Anatembenuka kamodzi, mwana ali pompo akusewera ndi chala m'dothi. Anawerama kuti asunthe ndowa.

Chitseko chinamenyeka. Phaa!

Pakhonde panalibe munthu. Ndipo anamva ndi makutu ake mpiringidzo uja ukulowa m'malo mwake, pang'onopang'ono. Mpiringidzo umenewo unali m'mwamba, poti mwana wa zaka zisanu sangafikire ngakhale atakwera pampando.

Dzuwa linali pamutu, kunja kuli ngwee. Wailesi ya munthu wina inkaimba mumdadada.

Elube anathamanga n'kudziponya pachitseko. "Sungeni! Sungeni, tsegula!" Anazungulira kuwindo. Makatani analibe, koma m'kati munali mdima woti sankaona kanthu. Anagwira zitsulo za pawindo n'kuzigwedeza, zitsulo zomwe zija anazikondera nyumbayo. Sizinasunthe. Anabwerera kuchitseko n'kuyamba kuchimenya ndi zibakera, ndi mapazi, ndi ndowa.

Anthu a mumdadada anatuluka onse. Anaima chapatali, manja m'chiuno, ena atanyamula ana awo. Palibe anasendera.

"Ndithandizeni! Mwana wanga ali m'katimu! Anthu inu, ndinu anthu kodi?"

Wailesi ija inazimitsidwa. Pamenepo ndi pomwe onse anamva mawu a mwanayo m'kati. Sankalira. Ankayankha munthu, motsitsa.

"Eya... Zisanu... Ayi, kulibe, anapita ku Joni... Eya, pang'ono. Mukukoka."

Elube anatola mwala waukulu. Asanaumenyetse pachitseko, dzanja lakuda ndi makala linamugwira mkono. Anali Anajere.

"Tayani mwalawo."

"Ndisiyeni!"

"Ndati tayani! Mukachimenya chitsekochi mwanayo simumuonanso. Ndi mmene a Gwedeza anachimenyera tsiku lija."

Elube anasiya mwalawo. Anajere ankapuma mwamphamvu, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana m'maso.

"Nyumba iyi anamanga Feliya ndi mwamuna wake, mng'ono wawo wa a Gwedeza. Njerwa ankaumba okha, ine ndikuona. Mwana analibe. Mwamunayo atafa pangozi, sabata isanathe, a Gwedeza anabwera ndi anyamata awo. Feliya anadzitsekera. Anaswa chitseko ndi nyundo n'kumutayira katundu panja, mvula ikugwa. Kwawo kunali kutali, ndipo analibe woti amulandire. Anakhala kunja kwa geti masiku anayi, ali m'zovala zamaliro."

"Nanga inu?"

Anajere anayang'ana pansi. "Ploti inali itakhala ya a Gwedeza. Anati amene amulowetse achoka naye limodzi. Feliya anagogoda khomo ndi khomo. Kwa ine anagogoda katatu." Anapukuta mphuno ndi chitenje. "Tsiku lachisanu tinamupeza atauma. Chichokereni apo, nyumbayi ikakhala yopanda munthu timagona. Mukangolowamo alendi inu, Feliya amayambanso kugogoda kwa ife mpaka kucha. Masabata awiri tsopano ana athu sakugona chifukwa cha inu."

"Bwanji osandiuza?"

"Tikanakuuzani, a Gwedeza akanatithamangitsa. Tinati muchoka nokha ngati alendi ena amene anakhalamo kale. Sitinadziwe kuti mubweretsa mwana."

Atatero Anajere anagwada pakhonde, thupi lonse lija, n'kuyandikitsa pakamwa pa mng'alu wa chitseko.

"Feliya. Ndine Anajere. Ndikudziwa sufuna kumva mawu anga. Koma mwanayo sakudziwa kanthu."

M'kati munamveka kutsonya kuja, ndipo aliyense pabwalopo anakumva. Mayi wina anathawira m'chipinda mwake.

Elube anagwada pambali pa Anajere.

"Mayi, ine sindinadziwe. Ndine mlendo, ndinkangofuna pogona. Nyumba ndi yanu. Katundu yense ali mmenemo mutenge, sindidzabweranso. Ndipatseni mwana wanga yekhayo. Ndilibe wina."

Anadikira. Mpiringidzo sunasunthe. Mwana uja anali atasiya kuyankha.

Geti linalira. A Gwedeza analowa akuyenda mofulumira, jekete ili pathupi, nyundo yaikulu ili m'manja. Wina anali atakawauza.

"N'chiyani chikuchitika pa ploti panga? Inu, mwagwadira chiyani pamenepo? Mukufuna anthu azinena kuti nyumba yanga ili ndi zinthu? Mwana wadzitsekera basi! Chokani ndiswe."

"Bambo, chonde, musamenye," anatero Elube.

"Iwe, nyumba ino ndi ya ndani? Ya m'bale wanga, magazi anga! Palibe mkazi wobwera amene angandiuze zochita, wamoyo kaya wakufa!"

Anakweza nyundo. Elube anali wochepa thupi, koma anawalumphira n'kukangamira mkono umenewo ndi manja onse awiri. A Gwedeza anamukankha, anamumenya chigongono pakamwa mpaka magazi, koma sanasiye. Anawaluma padzanja. Nyundo inagwera pansi, iye n'kuigonera.

"Muyambe mwapha ine!" anakuwa. "Simuchikhudza chitseko chimenechi!"

Ali chigonere choncho, magazi akudontha pasimenti, mpiringidzo unalira. Chitseko chinatseguka pang'ono, mpata wongokwana mwana.

Sungeni anatuluka akuyenda bwinobwino, akuphethira chifukwa cha dzuwa. Analibe bala. Koma pofika masana aja tsitsi lake linali losaluka, longopesedwa. Tsopano mbali imodzi ya mutu, kuyambira pamphumi mpaka pankhongo, inali italukidwa timizere ting'onoting'ono, tolimba, towongoka, ntchito yoti munthu waluso angathere maola atatu. Mzere womaliza unali utalekezedwa pakati. Tsitsilo linali lonyowa.

Elube anamunyamula n'kumufinyira pachifuwa.

A Gwedeza anayang'ana anthu onse aja akuwayang'ana. Nkhope yawo inkanjenjemera ndi ukali.

"Mwaona? Mwana wadzitsegulira yekha. Mulibe kanthu mmenemu! Mbuli inu, bwerani muone!"

Anakankha chitseko ndi phazi n'kulowa, koyamba chimwalirireni Feliya. Anayenda mapazi atatu. Chitseko chinatsekeka pambuyo pawo, osati mwaphokoso ayi, mofatsa. Mpiringidzo unalowa.

Poyamba ankatukwana. Kenako anayamba kumenya chitseko ndi manja, akuitana amuna a mumdadada mayina awo mmodzimmodzi. Kenako mawu anatsika.

"Mlamu... Mlamu, tamverani... Mlamu."

Nyundo inali pomwepo pakhonde. Amuna anayi anali chiimire pabwalo. Mmodzi anayang'ana nyundoyo, n'kuyang'ana anzake, n'kulowa m'chipinda mwake. Ena anatsatira. Anajere anadzuka, anasasa maondo, n'kumuuza Elube:

"Bwanji mukadali pano? Berekani mwanayo muzipita."

Elube sanatenge kanthu, ngakhale kajumbo ka zovala za mwana. Anafika kwathu wapansi, mlomo utatupa, Sungeni ali kumsana.

Za a Gwedeza ndinazimva pambuyo pake kwa Anajere. Akuti chitseko chinatseguka chokha dzuwa litalowa, iwo n'kutuluka chokwawa, zovala zili chonyowa. Ana awo anawatengera kumudzi. Anakhala chaka chimodzi ndi miyezi, osalankhula, osalola kugona m'nyumba iliyonse. Ankagona pabwalo, ngakhale nthawi ya dzinja, ndipo anafera pabwalo pomwepo.

Elube anakhala nafe miyezi inayi, anthu asanu m'kachipinda kamodzi, mpaka anapeza chipinda chake ku Misesa, chodontha, chodula, cha eni ake olongolola. Ntchito sinathe. Koma ndisathamangire kumeneko, ndimalize za tsiku lija.

Madzulo amenewo titamusambitsa mwanayo, tinati timumasule tsitsi. Ine ndaluka anthu kuyambira ndili mtsikana, koma malukidwe amenewo sindinawaonepo. Tinayesa ndi chipeso, chipeso chinathyoka mano. Tinayesa ndi singano, tinapaka mafuta, osatheka. Ukamasula pang'ono n'kusuntha chala, upeza pabwerera. Ndipo linali lisanaume, likuzizira m'manja ngati madzi a mumtsuko.

"Tenga sizasi," anatero Elube.

Sungeni ataona sizasi anagwira mutu wake ndi manja awiri.

"Ayi, amama! Azakhali akwiya. Sanamalize."

"Azakhali ake ati? Kulibe azakhali."

"Aja a m'nyumba mwathu. Anati inu muzipita, koma ine ndikhoza kutsala, chipinda chija n'changa." Anayang'ana mayi ake, kenako ine. "Ndinawauza kuti ndikufuna amama. Ndiye analira. Anati chabwino, pita, mbali inayi ndidzakumaliza ndikadzakupeza."

Elube anamukhazika pamiyendo pake, n'kumupanikiza ndi maondo, ine n'kumugwira manja. Anameta mutu wonse mpaka mpala, mbali yolukidwa ndi yosalukidwa yomwe, mwana akukuwa. Tsitsilo analikulunga m'pepala n'kuliponya pambaula. Linakana kuyaka. Linkangolira tsiii, ngati chinthu chonyowa, mpaka makala onse anazima.

Sungeni pano ndi namwali, ali Fomu 2. Anzake amamuseka kuti mayi ake ndi ankhanza, chifukwa patchuthi iwo akamaluka, iye amakhala ndi mpala. Loweruka lililonse m'mawa Elube amamukhazika pampando, n'kutenga lezala, n'kumumeta yekha. Sanaphonyepo ngakhale sabata imodzi.